Kusesa M'mutu: Nkhani Zosatha Tichite Nazo Bwanji?

 

Mwandiitana kuti ndilankhule za kusesa m'maganizo, kuti munthu apeze mpata woyamba zatsopano. Ndiyamba ndi kukangana ndi langizo limene tonsefe timalikonda. Munthu akaonda, akasiya kudya, akamangokhala pakhonde dzanja lili patsaya, timamuuza kuti, "Musamaganize kwambiri, mudwala nazo." Akatipeza ndi BP kuchipatala, mawu ake ndi omwewo. Pamaliro ndi omwewo. Timanena ndi mtima wabwino, sindikukana. Koma ndifunse: alipo muno amene anasiya kuganiza chifukwa choti wina wamuuza kuti asiye?

Mu 1987, katswiri wa za maganizo wa ku America, Daniel Wegner, pamodzi ndi anzake anayesa chinthu chooneka ngati masewera a ana. Anatenga ophunzira, aliyense payekha, n'kuwauza kuti kwa mphindi zisanu azinena mokweza chilichonse chobwera m'mutu, koma asaganize za chimbalangondo choyera. Chikangobwera, alize belu. Belu linalira ndithu, osati kamodzi. Koma chachikulu chinaoneka pambuyo pake. Atawamasula kuti tsopano aganize za chimbalangondocho mmene angafunire, aja analetsedwa poyamba anachiganizira kwambiri kuposa anzawo amene sanaletsedwepo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kuti mutsimikize kuti simukuganiza chinthu, mbali ina ya ubongo iyenera kumasuzumira kuti ione ngati chinthucho chabwera, ndipo kusuzumirako ndiye kuchiitana.

Choncho maganizo sapirikitsidwa. Mukawapirikitsa masana, amakakudikirirani pamphasa usiku.

Tiyeni tilowe m'mutu mwa munthu mmodzi. Alibe dzina, chifukwa ambiri muno mumuzindikira. Ndi mayi wogulitsa mandasi ndi tomato, wa ana atatu, m'nyumba ya lendi. Nthawi ili cha m'ma 2 koloko usiku, magetsi azima, bambo ali m'tulo tofa nato. Mayiyu maso ali gwa. Lachisanu ndi tsiku lobweza ku banki m'khonde, ndipo ndalama yaperewera. Fizi ya mwana wa Fomu 2 anangolipira theka. Mafuta ophikira akweranso, ndiye mandasi akweze mtengo kapena awachepetse msinkhu? Achimwene a ku Johannesburg anatumiza uthenga sabata yatha, sanayankhe, ndipo tsopano akuchita manyazi kuyankha mochedwa. Amayi kumudzi akufuna feteleza. Nsalu ya ukwati wa mwana wa a tcheya a kwaya sanagule, ndipo pa mndandanda wa pa WhatsApp dzina lake lili m'gulu la amene sanapereke. Mlamu wake ananena mawu ena ake pamaliro a apongozi zaka zitatu zapitazo, ndipo mpaka lero mayiyu akukonzabe yankho limene akanamupatsa. Akafika pamenepo amabwereranso ku banki m'khonde. Pamene tambala akulira, wazungulira kangapo konse, osamaliza n'chimodzi chomwe.

Taonani bwino zimene zili m'mutu mwa mayiyu, ndipo muonenso zimene mulibe. Lendi ya mwezi watha mulibe, ngakhale inamusowetsa tulo chimodzimodzi. Analipira, inachoka yokha. Malungo amene mwana anadwala m'nyengo ya mvula mulibe, mwana anachira. Zimene zatsala ndi zosatha zokhazokha. Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse lero. Mutu sudzaza chifukwa munthu ali ndi maganizo ambiri. Umadzaza ndi nkhani zimene sanazigamule. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo wa m'mutu ndiye suola n'komwe.

Zimenezi zinayamba kufufuzidwa kalekale. Ku Berlin, m'zaka za m'ma 1920, mphunzitsi wina wotchuka, Kurt Lewin, akuti anaona kuti woperekera zakudya mu lesitilanti ankakumbukira bwinobwino zimene thebulo lililonse laitanitsa malinga ngati anthuwo sanalipire, koma akangolipira, zonse zinkafufutika. Wophunzira wake, Bluma Zeigarnik, anapatsa anthu tintchito ting'onoting'ono tambiri, tina n'kuwalola kumaliza, tina n'kuwadula pakati. Zimene anasindikiza mu 1927 zinasonyeza kuti anthuwo ankakumbukira kwambiri ntchito zimene anadulidwa. Ofufuza ena obwera pambuyo sanapeze zofanana ndendende nthawi zonse. Koma mnzake wa Zeigarnik, Maria Ovsiankina, anapeza china chimene chakhala chikutsimikizika: munthu akadulidwa ntchito, amafuna kuibwerera ngakhale palibe wamuuza. Ntchito yosatha imakoka mwini wake. Vuto n'lakuti ubongo sudziwa nthawi yoyenera kukumbutsa. Umakukumbutsani za fizi pa 2 koloko usiku, pamene ofesi ya ahedi ili yokhoma, ndipo umakukumbutsaninso pakati pa ulaliki.

Malo ake nawonso ndi ochepa. Mu 1956 George Miller analemba kuti munthu amatha kugwira m'mutu zinthu pafupifupi zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi. Mu 2001 Nelson Cowan anaunikanso umboni n'kunena kuti chiwerengero chenicheni chili pafupi ndi zinayi. Zinayi zokha. Mayi wathu uja ali ndi nkhani zisanu ndi ziwiri zimene zikulimbirana malo anayi. Ndiye musadabwe kuti m'mawa wathira mchere kawiri m'ndiwo, wabweza chenje chochuluka kwa kasitomala, ndipo wakalipira mwana amene anangofunsa kumene kuli sopo.

Pano ndiime kaye, chifukwa pali chinyengo chimene chimabwera ndi nkhani ngati iyi. Mabuku ambiri a mutuwu amalembedwa ndi anthu amene vuto lawo lalikulu ndi makalata ochuluka a pa kompyuta. Amanena ngati kudzaza kwa mutu ndi kusalongosoka kwa mwini mutuwo. Ine ndikukana. Mu 2013, magazini ya Science inasindikiza kafukufuku wa Anandi Mani, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi Jiaying Zhao. Iwowa anapita ku Tamil Nadu, ku India, kwa alimi a nzimbe 464 amene amalandira ndalama zawo kamodzi pachaka. Anawapatsa mayeso a nzeru asanakolole, pamene anali m'ngongole ndipo ena atapinyolitsa katundu, n'kuwapatsanso atalandira ndalama. Alimi omwewo, mitu yomweyo, anakhoza bwino kwambiri atalandira. Ofufuzawo anayang'ana ngati chifukwa chake chinali njala kapena kutopa ndi ntchito, ndipo anapeza kuti zimenezo sizinafotokoze kusiyanako. Nkhawa ya ndalama ndiyo inkadya malo m'mutu.

Mlimi wa fodya wa ku Kasungu sasowa womasulira nkhani imeneyi. Amadziwa kusiyana kwa mutu wake wa mu Febuluwale ndi wa mu Juni. Ndipo pamene Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dziko lonse linalowa m'masamu a usiku. Chotero munthu wosauka akamaiwalaiwala kapena akamasankha molakwika, tisafulumire kunena kuti n'chifukwa chake ali wosauka. Kawirikawiri umphawiwo ndiwo wamulanda malo oganizira. Zimene ndikufuna kunena sizilipira fizi ya munthu. Zimangobweza ena mwa malo anayi aja kuti munthu athe kuganiza za fiziyo mwadongosolo.

Nanga tichite chiyani, popeza zambiri sitingazimalize lero?

Mu 2011, E. J. Masicampo ndi Roy Baumeister, a pa Florida State University, anauza anthu kuti alembe za ntchito zofunika zimene sanamalize. Ena anangosiyira pomwepo. Ena anauzidwa kuti alembenso mmene adzachitire ntchitozo, liti, komanso kuti. Kenako onse anapatsidwa nkhani yoti awerenge. Amene anangokumbutsidwa ntchito zawo, maganizo ankawathawathawa powerenga. Amene analemba dongosolo anawerenga mtima uli m'malo, ngakhale ntchitozo anali asanazigwire n'komwe. Tanthauzo lake n'lakuti ubongo sufuna kwenikweni kuti nkhani ithe. Umafuna kutsimikiza kuti nkhaniyo ili m'manja mwa wina, ndipo ili ndi tsiku lake. Mu 2018, Michael Scullin wa pa Baylor University anagoneka achinyamata 57 m'chipinda choyezera tulo. Theka analemba kwa mphindi zisanu zimene achite m'masiku akubwerawo, theka analemba zimene anamaliza kale. Olemba zamawa aja anagona msanga ndi mphindi pafupifupi zisanu ndi zinayi, ndipo amene analemba mwatsatanetsatane ndiwo anagona msanga koposa.

Ndiye mankhwala oyamba ndi otsika mtengo: kope la mwana lotsala masamba, ndi cholembera. Khalani pansi mutulutse zonse, zazikulu ndi zachibwana zomwe, osasankha. Ngongole, batani la yunifolomu, dzino limene lakhala likupweteka, foni imene mukuopa kuimba. Ambiri amadabwa kuti zimene zimaoneka ngati chikwi usiku, papepala sizidzaza tsamba. Zimachuluka chifukwa chilichonse chimabwera kakhumi. Amene kulemba kumawavuta, uzani mwana wodalirika akulembereni, kapena jambulani mawu anu pa foni.

Koma pali polakwika pamene ambiri amagwera. Kulemba kuti "fizi" si dongosolo, ndi nkhawa yomweyo yasamukira papepala. Dongosolo ndi ili: "Lolemba m'ma 7 koloko ndikaonana ndi ahedi, ndikapempha kulipira kawiri, pa 30 ndi pa 15." Kulemba kuti "banki m'khonde" si dongosolo. Dongosolo ndi kudzuka Lachitatu, Lachisanu lisanafike, kukagogoda kwa asungichuma n'kunena kuti, "Amayi, ndabwera ndekha musanandifune. Pa K40,000 ija ndili ndi K25,000. Yotsalayo ndibweretsa pa 15, ndi chindapusa chake." Mwina akalipa. Mwina anena mawu opweteka pang'ono. Koma kukalipako kumatenga mphindi khumi, pamene kuzemba kumatenga miyezi itatu yodzera njira yakuseri kwa msika, kuzimitsa foni, ndi kujomba kutchalitchi chifukwa asungichuma amakhala benchi lachiwiri. Ndipo munthu wozemba ngongole yaing'ono ndi amene amakathera kwa wakatapila, chifukwa katapila safunsa mafunso ochititsa manyazi tsiku loyamba.

Mukayang'ana pepalalo mupezanso kuti zina mwa zimene mwasenza si zanu. Apa ndilankhula mosamala, chifukwa ife ndife anthu othandizana, ndipo sindinabwere kudzaphunzitsa umbombo. Mwana woyamba kugwira ntchito m'banja, kaya ali ku Lilongwe, ku Joni kapena ku Britain, amadziwa kuti malipiro ake ali ndi eni ake ambiri. Zimenezo zaphunzitsa ana ambiri ndipo zaika malata pa nyumba zambiri. Chimene ndikudandaula nacho ndi chizolowezi chathu choyankha kuti "tiona." M'bale akapempha, ife tikudziwa bwino lomwe kuti mwezi uno sizitheka, timati, "Tiona, ndikuuzani." Timayesa ulemu. Koma taonani zotsatira zake. M'baleyo amawerengera ndalamayo, mwina mpaka kukatenga feteleza pangongole. Amayamba kuflasha. Inu foni ikalira mtima umagunda. Nkhani imene ikanatha m'mphindi imodzi yatsegulidwa m'mitu iwiri kwa mwezi wathunthu, ndipo mapeto ake ndi chidani choposa chimene "ayi" akanabweretsa. Kunena kuti, "Achemwali, mwezi uno sindikwanitsa, musandiwerengere, mwezi wamawa ndingathe K10,000 yokha," ndi ulemu woposa "tiona," chifukwa mwawamasula kuti akayang'ane kwina nthawi ikadalipo.

Za foni sindichedwapo, mwazimva kokwanira. Ndingoti gulu lililonse la WhatsApp limene mulimo limakutsegulirani nkhani zatsopano zimene simungazimalize: ngozi ya kudziko lakutali, mkangano wa andale, nyumba imene mnzanu wa ku sekondale wamanga. Maliro a m'mudzi mwathu timawamva, timapita, timaika, timabwerako. A pa foni sitiika, amangounjikana. Tulukani m'magulu amene simunalankhulemo chaka chonse. Ndipo foni igone pabalaza.

Tsopano ndifike pa katundu wolemera kwambiri, amene alibe tsiku lomulembera. Mawu a mlamu aja. Mayeso amene munalephera. Munda umene amalume anagulitsa. Banja limene linatha. Mwana amene munachedwa kupita naye kuchipatala. Izi zinatha kunja, koma m'kati sizinathe, ndipo ubongo umazitenga ngati ntchito yodulidwa pakati. Umabwererako kukafuna mapeto ena, koma mapeto ena kulibe.

Makolo athu ankadziwa kuti chinthu sichitha chokha, chimachita kutsirizidwa pamaso pa anthu. Maliro akatha, pankakhala tsiku lometa. Namfedwa akalira nyengo yake, akuchimuna kapena akuchikazi ankakhala pansi n'kumusudzula, kumuuza poyera kuti ndi womasuka, angathe kuyamba moyo wina. Banja likagwedezeka, ankhoswe ankakhala pamphasa mpaka nkhani itagamulidwa. Kubwalo la mfumu wolakwa ankapereka nkhuku kapena mbuzi, ndipo ikalandiridwa, wobweretsanso nkhaniyo ndiye ankakhala wolakwa. Sindikuyamikira zonse za m'miyambo ya maliro. Kulanda chuma cha amasiye ndi kulowa kufa zinazunza amayi ambiri ndipo ziyenera kutha. Koma nzeru yoti chisoni ndi mkwiyo zimafuna tsiku lotsekera, mboni, ndi mawu onenedwa mokweza, imeneyo tisaitaye. M'tauni muno tinasiya mwambo koma sitinaike china m'malo mwake. Timaika maliro Loweruka, Lolemba tili ku ofesi, ndipo zaka zisanu zikapita tikudabwa kuti n'chifukwa chiyani mutu sukupepuka.

Kumene kulibe bwalo, munthu angadzipangire lake laling'ono. Mu 1986, James Pennebaker ndi Sandra Beall anauza ophunzira kuti alembe kwa mphindi 15, masiku anayi otsatizana, za chinthu chowawa kwambiri chimene chinawachitikira. Amene analemba zonse ziwiri, chimene chinachitika ndi mmene anamvera mumtima, anatuluka m'chipindamo ali okhumudwa kuposa mmene analowera. Koma m'miyezi yotsatira anapita kuchipatala kochepa poyerekeza ndi anzawo amene analemba nkhani wamba. Kafukufuku wina wambiri wachitika kuchokera pamenepo, ndipo akusonyeza kuti phindu lake si lalikulu ngati chozizwitsa, koma lilipo. Chimene chimachitika n'chakuti chinthu chimene chinali zidutswazidutswa chimasanduka nkhani yokhala ndi poyambira ndi pothera. Ena amalemba kalata imene sadzatumiza. Ena amapita kumanda ndi m'bale mmodzi n'kukanena zimene sananene. Ena amapita kwa abusa, kwa ansembe kapena kwa shehe.

Za mlamu uja, pali njira ziwiri zokha zoona: kupita kukamuuza, kapena kugamula kuti simudzamuuza ndipo mlandu watsekedwa. Njira imene ambiri tili nayo ndi yachitatu, yomuzenga mlandu usiku uliwonse iye kulibe. M'bwalo limenelo mumapambana nthawi zonse, koma wogona m'ndende ndinu. Kukhululuka sikutanthauza kuti ananena zoona, kapena kuti mudzamubwerekanso ndalama. Ndipo ngati wina akukumenyani kapena kukuzunzani mpaka lero, imeneyo si nkhani yakale yoti muikwirire. Ndi ya lero, yofuna ankhoswe, mfumu kapena apolisi.

Wina afunsa kuti zonsezi zikukhudzana bwanji ndi kukula kwa munthu. Mlimi asanaike chimanga chatsopano m'nkhokwe, amatulutsa zotsalira za chaka chatha, amasesa, amatentha zinyalalazo, chifukwa nankafumbwe amabisala m'zitsononkho zakale ndi m'ming'alu. Akathira chatsopano pamwamba pa chakale, pofika Okutobala apeza ufa wokhawokha. Ife pofuna kusintha moyo timachita zosiyana. Timangothira. Januwale akafika timalonjeza zinthu khumi zatsopano pamwamba pa khumi za chaka chatha zimene sitinazichite kapena kuzisiya. Timapita kusemina ina, timagula buku lina, timayamba bizinesi yachitatu ziwiri zoyambazo zisanatsekedwe mabuku. Ena amalowa banja lachiwiri akukanganabe ndi loyamba mumtima. Kenako timati tilibe mwayi, kapena wina watilodza.

Pa pepala lija, ndiye, payenera kukhala zinthu zina zimene mudzazikhwatcha osazichita. Izi zimawawa kuposa ngongole. Maphunziro amene mwakhala mukunena kuti mudzabwerera, maziko a nyumba ya kumudzi amene amera udzu, udindo wa m'komiti umene munauvomera chifukwa cha manyazi. Funsani chilichonse: kodi ndikuchifunabe, kapena ndikungoopa kuvomera kuti ndinasiya? Ngati mukuchifunabe, chipatseni tsiku ndi sitepe yoyamba, ngakhale ikhale yongokafunsa mtengo wa fomu. Ngati simukuchifuna, nenani mokweza kuti chimenechi ndachisiya, ndipo auzeni amene akukhudzidwa. Munthu wa zaka makumi anayi amene wasiya maloto atatu kuti agwire limodzi sanagonje.

Malo akapezeka, musathamangire kuwadzaza. Poyamba pamakhala chete wosowetsa mtendere, ndipo dzanja limapita lokha ku foni kapena ku wailesi. Pirirani pang'ono. Mu 2010, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert a ku Harvard anafunsa anthu 2,250 kudzera pa foni, nthawi zosiyanasiyana za tsiku, chimene akuchita ndi chimene akuganiza. Pafupifupi 47 peresenti ya nthawi, maganizo anali kwina, ndipo anthuwo ankakhala osasangalala kwenikweni maganizo akakhala kwina kuposa akakhala pa chimene akuchita. Choncho kuyendayenda kwa maganizo n'kwa tonse, sikudzatha, ndipo musadziweruze nako. Chimene chimasintha ndi kumene amapita. Mutu wopepuka ukamayenda, umatulukira kuti mandasi angagulitsidwenso pa sukulu yapafupi, kapena kuti mwana wachiwiri uja wakhala chete masiku ano ndipo pafunika kumufunsa.

Zina sizituluka ndi cholembera, zimafuna khutu la munthu. Ku Zimbabwe kuli dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda. Wodwala wake wina, mtsikana wakutali ndi Harare, anadzipha chifukwa kwawo kunalibe ndalama ya basi yobwerera naye kuchipatala. Chibanda anaona kuti madokotala ngati iye ndi ochepa kwambiri moti sangafikire anthu. Mu 2006 anayamba ntchito ndi agogo aakazi 14 ku Mbare, dera lomwe lija ambiri mwa agogo athu opita kukagwira ntchito ku Harare ankafikira. Anawaphunzitsa, n'kuwakhazika pa mabenchi amatabwa panja pa zipatala zazing'ono. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench.

Chimene agogowa amachita n'chofanana ndi chimene takambirana. Munthu amakhala pabenchi n'kukhuthula zonse, agogo akumvetsera, osamudula, osamulalikira. Kenako amamubwerezera mavuto amene watchula, limodzilimodzi, n'kumufunsa kuti, mwa onsewa, tiyambe ndi liti? Wosankha ndi mwini wake, osati agogo. Akasankha limodzi, amafufuza limodzi njira zimene zilipo, mwini wake n'kusankhapo imodzi yoti akayese asanabwerenso. Amakumana mpaka kasanu ndi kamodzi. Mu 2016, magazini ya zachipatala ya JAMA inasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu 573 m'zipatala 24 za mu Harare. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhala pabenchi, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, pamene mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse anali pafupifupi theka. Njirayi yafalikira kumaiko ena, ndipo kuno ku Malawi yayesedwa m'zipatala zina.

Chimene chimandigwira mtima pa agogowa n'choti sapereka malangizo. Ife munthu akayamba kutiuza vuto lake, asanafike pakati tamupatsa kale vesi, mwambi, ndi nkhani ya msuweni wathu amene anaona zoposa pamenepo. Amachoka ndi katundu wake yense, kuonjezapo manyazi. Ngati mukufuna kuthandiza mnzanu, tsekani pakamwa kwa mphindi makumi awiri, kenako mufunse kuti, "Pa zonsezi, chikukusowetsani tulo kwambiri n'chiti?" Ndipo zimene mwamva zithere pomwepo. Anthu ambiri asiya kulankhula chifukwa chinsinsi chawo chinakatulukira ku mapemphero a amayi ngati "chopempherera."

Abambo, ndili nanu. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Malipoti a apolisi m'dziko muno akhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna, ndipo zifukwa zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Amayi ali ndi kumpopi, kumaliro, ku banki m'khonde, ku chigwirizano. Ife tili ndi bawo, mpira ndi botolo, malo amene timakhala maola anayi ndi mnzathu osadziwa kuti ntchito inamuthera mwezi watha. Mowa umazimitsa nkhani mpaka m'bandakucha basi, kenako zimadzuka zonse pamodzi ndi ngongole ya pa bala.

Pomaliza ndinene malire a zonse ndanenazi. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, mtima uli wosweka, zimene munkazikonda sizikukomanso, tulo kapena chilakolako cha chakudya zasokonekera, mukudziona wachabechabe, kapena mwayamba kuganiza kuti bola kufa, limenelo si vuto la kope ndi cholembera. Ndi matenda, ngati shuga kapena BP, ndipo amachizika. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, mukanene zonse monga zilili, osangoti mutu ukupweteka. M'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi madokotala ophunzira za matendawa, kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Kupita kumeneko sikutanthauza misala. Ndipo wina akakuuzani kuti akufuna kudzipha, musamuseke, musamukalipire, musamusiye yekha. Chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi naye, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Achinyamata akumbuyoko akugawa mapepala. Tili ndi mphindi zisanu. Lembani zonse zimene zakhala zikubwera m'mutu pamene ine ndimalankhula, chifukwa ndikudziwa kuti theka la nthawiyi simunali muno. Lembani m'chilankhulo chimene mumadandaulira. Mukatha, zunguzani chimodzi chokha, mulembe pambali pake tsiku, nthawi, ndi munthu amene mukaonane naye. Mapepalawa palibe atolere. Tikatero a wapampando atsegula nthawi ya mafunso, ndipo ndawapempha kuti ayambire kwa abambo.